Tithandizeni Kumanga Chipinda cha Zaluso pa Sukulu Yathu kwa Santhe

Kwa inu ana a kuno kwa Santhe amene muli ku Kasungu boma, ku Lilongwe, ku Blantyre ngakhale ku Joni, ndi onse akufuna kwabwino, landirani moni kuchokera kwa ife a komiti ya sukulu, a PTA ndi amayi a mother group.

Chigafa chija chinali kuseri kwa Sitandade 2, momwe ana ankaumbiramo ndi kusungamo ntchito zawo zamanja, chinagwa ndi mvula ya mu February. Chiswe chinali chitadya nsanamira pansi, pamwamba zikuoneka zabwinobwino, ndiye udzu utalemera ndi madzi denga linangokhala pansi. Mwayi wake unali usiku. Ng'ombe zadongo ndi timiphika tosawotcha zinabwerera kumatope, zojambula zinanyowa, ziguduli zomwe makolo anapereka atamanga mabelo a fodya zinachita nkhungu. Panopa phunziro la zaluso, la Expressive Arts, likuchitikira pansi pa mtengo wa mango, ndipo chomwe mwana wapanga lero, mawa mupeza mbuzi zaponda.

Ena akutifunsa kuti, kodi kuumba ng'ombe kumafunanso nyumba? Kumafuna, akuluakulu. Dongo labwino timakumba kudambo, osati lapamwamba lodzaza mizu, koma lakuya pafupifupi mkono umodzi. Liviikidwe masiku awiri, ana asankhemo timiyala, alikande mpaka lisiye kumata m'manja. Pa makapu anayi a dongo timathira kapu imodzi ya mapale osinja kapena mchenga wosefa, apo ayi chinthucho chimang'aluka pouma. Chikaumbidwa chimafuna mthunzi ndi malo opanda mphepo yambiri kwa sabata ziwiri, masiku oyambirira chitafunditsidwa masamba a nthochi. Mukachiika padzuwa, kunja kumauma msanga mkati mukadali madzi, ndiye ming'alu. Chikalowa pamoto chisanaumitsitse chimaphulika n'kuswanso zinzake. Ana a Sitandade 1 amakonda ng'ombe yaikulu mimba, ndipo aphunzitsi amaiboola pansi ndi kamtengo kuti nthunzi ipeze potulukira. Malo osungirapo zinthu sabata ziwiri zimenezo ndi amene tilibe. M'makalasi simungatheke, ana amakhala pansi mothithikana mpaka pakhomo.

Zambiri sitigula, ndipo izi timazinyadira. Guluu timaphika tokha: masupuni awiri a ufa wa kondowole m'kapu imodzi ya madzi, pamoto wochepa, kutakasa mpaka ulimbe pang'ono. Amamata mapepala bwino ndithu, kungoti pakatha masiku awiri wasasa, komanso makoswe ndi mphemvu zimamva fungo lake, n'chifukwa chake zomata zimafuna kabati yotseka. Utoto wakuda ndi makala osinja, wofiira ndi katondo wosefa, woyera ndi laimu pang'ono. Muyenera kusakanizamo kaguluu, chifukwa popanda iko utoto ukauma umayoyoka. Wobiriwira wa masamba a chigwada ndi wonamiza, pakangopita masiku ochepa wafiirira. Burashi ndi kamtengo kosasantha kunsonga kapena nthenga ya nkhuku.

Mapesi timadula mu June atauma. Khungu lake limacheka zala, choncho amasenda ndi ana okulirapo, ang'onoang'ono n'kumalumikiza timagalimoto ndi magalasi. Mapesiwo akagona pansi mwezi umodzi chiswe chamaliza. A Sitandade 4 amapala khonje, kulitsuka chifukwa madzi ake amayabwa, n'kupota zingwe. Mikanda yadongo ndi zilembo zoumba ndi zomwezo aphunzitsi amaphunzitsira masamu ndi kuwerenga, zomwe iwo amati TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka konkuno, ndiye kugwa kwa chigafa kwakhudzanso maphunziro amenewo.

Sitinakhale manja lende. Midzi yozungulira yaumba njerwa ndipo uvuni wawotchedwa kale, uli pafupi ndi mjigo. Amayi atuta mchenga, anyamata aswa miyala, maziko a mamita 6 m'litali ndi 4 m'lifupi akumbidwa. Amisiri akonkuno avomera kumanga mongolandira ya sopo. Bungwe lina linabwera, linajambula zithunzi, linalonjeza malata. Mpaka lero zii. Ndalama ya SIG, yomwe boma limapereka yotukulira sukulu, imathera pa choko ndi kukonza zimbudzi. Makolo asonkha kangachepe atagulitsa fodya ndi soya, koma sikangafike padenga.

Chomwe chatikanika ndi chogula kusitolo. Tikufuna malata a geji 28 ndi misomali yake, matabwa a denga, simenti ya maziko ndi pansi, pepala lakuda loyala pamaziko kuti chinyezi chisakwere, mankhwala a chiswe, chitseko ndi loko. Zamkati ndi masizasi osasongoka kunsonga, singano zikuluzikulu zosokera ziguduli, ulusi wamitundu, makrayoni, pulayazi ziwiri zopindira mawaya, ndi mapepala. Ngakhale mapepala a muofesi olembedwa mbali imodzi, makalendala akale ndi makatoni, kuno ndi chuma. Lezala tinaletsa, ana ankadzicheka ndiponso ankabwerekana.

Tikuchita manyazi kupempha poyera chonchi, koma ambiri a inu munapota chingwe chanu choyamba pabwalo lomweli. Timakuonani mukabwera kumaliro, magalimoto ataima m'mbali mwa msewu, sukulu n'kuidutsa ngati ya eni. Sitikudandaula, tikudziwa kuti kutauni nakonso zinthu zakwera. Komabe lata limodzi munthu mmodzi silingamugwetse, ndipo amene muli kutali mukhoza kugwirizana pagulu lanu la WhatsApp n'kugula simenti pamodzi.

Katundu afikire kwa aphunzitsi aakulu kapena kwa apampando a komiti, ndipo amfumu adzalengeza mayina a opereka pamsonkhano wa makolo. Amene mungakonde kudzaona nokha maziko ndi njerwa, bwerani tsiku lililonse la sukulu. Tikufuna denga likhale litakhomedwa mvula ya November isanayambe, chifukwa mazikowo akadzaza madzi adzagumuka, ndipo tidzakumbanso kachiwiri.