Lipoti la msonkhano wa kuboma wokambirana za ntchito ndi udindo m'banja

Apampando ndi mamembala nonse a komiti ya chitukuko,

Kumsonkhano kumene munandituma kunabwera mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, komanso apolisi a ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza.

Za malamulo sitinachedwepo. Anatikumbutsa lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la 2006, loletsa kusiyanitsa amuna ndi akazi la 2013, ndi la ukwati la 2015 loletsa kukwatira kapena kukwatiwa usanakwanitse zaka 18. Chomwe chinadabwitsa ambiri n'chakuti kuyambira 2021 bambo wapantchito ali ndi ufulu wa tchuthi cha milungu iwiri mkazi wake akachira, kamodzi pa zaka zitatu. Ana athu a m'tauni tiwauze.

Pa ntchito zapakhomo nthumwi zinagwirizana kuti zinthu zikusintha. Bambo woperekeza mkazi kusikelo, kapena wokatunga madzi panjinga, sachititsanso chidwi ngati kale. Mnyozo wokha ndiwo sunathe: anzake a pabawo amati anadyetsedwa khuzumule. Amayi angapo anavomera kuti nthawi zina woyamba kudandaula amakhala mayi ake a mwamunayo, akamupeza mwana wawo akuphika.

Nkhani inavuta titafika pa ndalama, ndipo ine ndikuona kuti mutu weniweni ndi umenewu. Kusesa ndi kubereka mwana abambo ambiri anavomera akumwetulira, koma atafunsidwa kuti ndalama za fodya, soya ndi mtedza amasunga ndani, m'holo munayamba manong'onong'o. Kulima limodzi, kupalira limodzi, tsiku logulitsa bambo yekha. Mayi amangoona thumba la shuga ndi chitenje, mtengo osaudziwa. Abambo a kuchikamwini anayankha kuti amaopa kumanga nyumba ya malata pamudzi pa eni, poti banja likatha amachoka ndi bulangete lokha. Madandaulo amenewa si opanda pake, ndipo sanayankhidwe mokwanira. Amayi a kuchitengwa nawo anati mantha awo ndi omwewo mwamuna akamwalira, ngakhale lamulo la 2011 limati kulanda chuma chamasiye ndi mlandu.

Pempho langa n'lakuti pamsonkhano wathu wotsatira tiitane ankhoswe ndi anamkungwi, chifukwa ndiwo amalangiza maanja atsopano, ndipo kubomako sanaitanidwe. Tikumane misika ya mbewu isanatsegulidwe. Mapepala omwe anatipatsa ndasiya kwa alembi.

Ine nthumwi yanu.