Kafukufuku wakoyo ubwere naye ku Limbuli

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tili bwino, kungoti bondo la bambo ako lija limavuta kukachita chiperoni. Tamva kuti ku MUBAS, komwe ife timanenabe kuti ku Poly, akuvomera kuti uyambe PhD ya zamalonda. Tathokoza Mulungu. Koma mutu womwe wasankhawo sunandikhalire bwino, ndiye ndati ndilembe.

Akuti ukufuna kufufuza mmene anthu amasankhira katundu m'masitolo akuluakulu a mu Blantyre. Anthu amenewo ndi angati, mwana wanga? Tsiku lina unandifotokozera zinthu zinayi zofunika pa malonda za McCarthy wako uja wa mu 1960: katundu, mtengo, malo ndi kutsatsa. Ndinangoseka chamumtima. Zaka zonse zija ndimapikula nthochi ku Thyolo n'kukagulitsa ku Limbe, zinayizo ndimazidziwa popanda buku. Chachisanu chomwe mzunguyo anaiwala ndi basera. Kasitomala amene wamuikira nthochi ziwiri pamwamba sakudutsa mawa, ngakhale mnzako atsitse mtengo. Fizi yako ya sekondale inachokera pamenepo.

Kenako matenda a chisaka anatha nthochi zathu, mpaka lero tikudya zochokera ku Mozambique ndi ku Tanzania. Tinathamangira nandolo. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo unagwa ife matumba ali m'nyumba. Palibe anatiuza kuti msika wathu wonse ukudalira dziko limodzi. Tinangoona mavenda afika ndi masikelo awo, akutchula mtengo wonyoza, ife n'kugulitsa chifukwa anankafumbwe sadikira. Funso loti mlimi amaudziwira kuti mtengo, ndipo n'chifukwa chiyani amagulitsabe kwa venda amene akumukayikira sikelo, silingakwane digiri? Yankho lina ndikupatsiretu: venda amalipira pompopompo, ndipo mu Januwale njala itakula ndi iyeyo amakongoza.

Ukabwera usabwere ndi mapepala odzaza mafunso achizungu n'kuwapatsa anyamata kuti akayendere m'malo mwako. Ena tinawaonapo atakhala pansi pa mtengo wa mango akudzaza okha mayankho a mudzi wonse. Yamba wakaonekera kwa amfumu. Khala pamsika wa Limbuli kuyambira m'bandakucha, pomwe a njinga akufika kuchokera ku Muloza, chifukwa malonda enieni amatha dzuwa lisanakwere. Mayi amene akugulitsa usamufunse kasitomala ali pamaso pake, ndipo ugule kaye mulu wa tomato. Ukamaliza kulemba udzabwerenso kudzawauza zomwe wapeza, m'Chichewa kapena m'Chilomwe.

Aphunzitsi ako akakana, usakangane nawo, koma uwapemphe adzaone okha tsiku limodzi la msika. Nandolo wouma ayamba kutuluka cha mu Ogasiti. Chipinda chako ndachotsamo matumba, ndipo bambo ako akuti uwabweretsereko mankhwala opaka aja.

Ndine mayi ako.