Dandaulo pa matikiti a ulendo wathu wa ku Bogotá

Kwa Mkulu Woyang'anira Makasitomala

Bwana,

Ndadikira kuti mtima ukhale pansi ndisanalembe kalatayi. Ndikanailemba usiku umene tinabwezedwa pa bwalo la ndege la El Dorado ku Bogotá, bwenzi muli mawu oti simukanatha kuwawerenga mokweza mu ofesi mwanumo. Pano tinafika kunyumba, mwana wayamba kugona tulo, ndipo malisiti onse ndawayala patebulo.

Ine ndi amuna anga tinagula kukampani yanu ya maulendo matikiti opita ku Bogotá, m'dziko la Colombia, kudzera ku Madrid. Tinkapita kukatenga mwana wamkazi wa zaka zinayi kuti akhale wathu mwalamulo. Sitinakubisireni kanthu. Mu imelo yanga yoyamba, imene ndaiphatikiza pano, ndinanena zinthu ziwiri: tsiku lobwerera silili m'manja mwathu, ndiponso dzina la mwana lidzasintha tili komweko, choncho tikiti yake isadulidwe mpaka titakutumizirani chithunzi cha pasipoti yake. Wantchito wanu anayankha kuti zoterezi ndi zanu, munathandizapo kale mabanja ena ngati ife. Anatigulitsa matikiti okwererapo mtengo, nati amenewa mukhoza kusintha tsiku popanda chindapusa. Tinalipira osawiringula.

Ndiloleni ndifotokoze chifukwa chake ndinapempha zimenezo, poti zikuoneka kuti amene anati akuzidziwa sankazidziwa. Colombia ili m'gulu la mayiko otsatira pangano la ku Hague la 1993 lokhudza ana otengedwa kupita ku mayiko ena, ndipo loyang'anira ntchitoyi kumeneko ndi bungwe la boma la ICBF. Mukakumana ndi mwana, mumayamba mwakhala naye masiku angapo alangizi akuona ngati mukuzolowerana. Kenako nkhani imapita kukhoti. Lamulo lawo la ana, Ley 1098 la 2006, limati mwana satuluka m'dzikomo mpaka chigamulo cha woweruza chitakhazikika, ndipo a pachipata chotulukira amafuna kuchiona ndi maso. Chigamulo chikatuluka, mwana amalembedwa kachiwiri m'kaundula wa kubadwa ndi maina atsopano. Apo mpamene mungakapemphe pasipoti, chikalata cha ICBF chotsimikiza kuti zonse zayenda motsatira pangano lija, ndi chilolezo cholowera m'dziko limene mukukhala. Pepala lililonse limadikira linzake. Palibe kudumpha.

Ifeyo tinagwera mu Sabata Loyera, nthawi imene makhoti kumeneko amapuma, ndiye masiku anasuntha. Sindikudandaula ndi khoti. Woweruza amene sathamangira kupereka mwana kwa alendo ndimamulemekeza, ngakhale ndine amene ndinkawerenga masiku. Nditakulemberani kuti musunthe tsiku, munatilipiritsa chindapusa chimene munati kulibe chija, pa munthu aliyense. Kusiyana kwa mtengo wa tikiti ndikukumvetsa ndipo sindikukufunanso. Koma chindapusacho ayi. Nditafunsa, anangonditumizira ndime ya timalemba ting'onoting'ono imene sanandionetse pogula. Tinalipira chifukwa tinali kutali, ndipo mutu unali pa mwana.

Zimenezo ndikanazimeza. Zinazi ndi zimene zandilembetsa kalata.

Pasipoti itatuluka, tsiku lomwelo ndinakutumizirani chithunzi cha tsamba la maina. Mwana wathu ali ndi maina awiri a makolo monga amalembera ku Colombia, la bambo ake ndi langa. Munayankha kuti mwalandira, zonse zili bwino. Chimene simunanene n'chakuti tikiti yake munali mutaidula kalekale, tisananyamuke n'komwe, pa dzina lake lakale limene munaliona m'mapepala ena amene ndinakutumizirani pongofuna kuti mudziwe zaka zake. Munaiika pa nambala yakeyake, yosiyana ndi yathu, ndipo tikitiyo simunatitumizire. Pepala la ndondomeko ya ulendo limene tinali nalo linali ndi maina athu awiri basi. Ndinafunsa za iyo kawiri, ndipo mayankho onse awiri ndawaphatikiza. Mwina mudzati ndikanaumirira kachitatu. Inenso ndadzifunsa zimenezo usiku wambiri. Koma munthu amalipira kampani ya maulendo kuti asamachite kulondera ntchito yake.

Tinafika pa bwalo la ndege nthawi ikadalipo yambiri. Mwana anali atabereka kachikwama kake, m'mene munali kadole ndi juzi imene anabwera nayo kuchokera kwa mayi amene ankamusunga. Mlungu wonse tinkamuonetsa zithunzi za ndege, tikuwerenga naye masiku pa zala, chifukwa alangizi anatiuza kuti mwana wotere muzimuuziratu chimene chikubwera, ndipo mukanena muzichitadi. Iye amalankhula Chisipanishi chokha, ife timangotolatola. Mawu amene tinkamvana bwino anali avión ndi casa, ndege ndi nyumba.

Mayi wa pa kauntala anayang'ana pasipoti, n'kuyang'ana kompyuta, n'kubwereranso ku pasipoti. Anaitana mnzake. Kenako anatiuza mwaulemu ndithu kuti pa ndegeyo palibe mwana wa dzina limeneli. Titatchula dzina lakale, analipeza. Ndinatulutsa chigamulo cha khoti, pamene maina onse awiri akuoneka, ndikuganiza kuti basi nkhani yatha. Anatifotokozera kuti chilembo chimodzi kapena ziwiri zikalakwika amatha kukonza, koma apa maina onse a makolo ndi ena, ndipo tikiti yodulidwa ndi kampani ya maulendo woikonza ndi kampani yomweyo. Anati tikuimbireni. Sindikuwaimba mlandu anthu amenewa. Mwana wamng'ono amene dzina lake likusiyana pa mapepala, ali ndi anthu amene salankhula chinenero chake, ine ndikanakhala pa kauntalapo sindikanamukweza.

Pa mapepala anu onse pali nambala imene munalemba kuti imayankhidwa usana ndi usiku. Amuna anga anaiimba kasanu ndi kawiri, ndipo mndandanda wa mafoniwo ndauphatikiza. Ku ofesi kwanu kunali pakati pa usiku, tikudziwa, koma si pa chifukwa chimenecho kodi nambalayo ilipo? Inkangoimba nyimbo kenako n'kuduka. Tinayesa kugula tikiti ina pomwepo, koma mpando panalibe, poti wa mwanayo unali utagwiridwa ndi dzina loti kulibenso. Kauntala inatsekedwa ife tikuona.

Tinabwerera kunyumba ya alendo komwe m'mawa wa tsikulo tinali titatsanzika aliyense. M'galimoto mwana sanalire. Ndikanakonda akanalira. Atazindikira msewu anangoti zii, n'kusiya kugwira dzanja langa. M'chipinda anakana kuvula nsapato ndi kachikwama kaja, anakhala pansi pafupi ndi chitseko. Bogotá ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,600, usiku kumazizira kwambiri, ndiye ndinangomufunditsa bulangete pomwepo n'kukhala naye pa simenti. Ndinalibe mawu a Chisipanishi omuuzira kuti sitikumubweza. M'mawa mayi wophika pamalopo ndi amene anamufotokozera, ndipo atamaliza anatembenukira kwa ine n'kundiuza chimene mwanayo anafunsa: ngati walakwa chinachake.

Ofesi yanu inayankha tsiku lotsatira masana, ndi imelo yopepesa chifukwa cha "kusokonekera pang'ono", n'kunena kuti tikiti ya mwana yapsa chifukwa sanakwere. Yapsa! Ngati kuti mwanayo anagonereza. Apo tinasiya kudalira inu. Tinapita tokha ku ofesi ya kampani ya ndege, n'kugulira mwana tikiti yatsopano yongopita, n'kulipira kusunthanso yathu. Mipando itatu pa ndege imodzi inapezeka patatha masiku anayi. Masiku amenewo tinalipira malo ogona ndi chakudya, amuna anga n'kupempha tchuthi china kuntchito chosalipidwa. Paulendo wa maola pafupifupi khumi wopita ku Madrid, mwana sanalole kuti ndimasule lamba wake ngakhale ndege ili m'mwamba, mwina poopa kuti titsikanso.

Chifikireni ndakuimbirani katatu. Aliyense woyankha amandiuza kuti ndifotokoze kuyambira pachiyambi, ndipo womaliza anati nkhaniyi ndikakambe ndi a ndege. A ndege alibe chifukwa. Amene analemba dzina ndinu, mutauzidwa m'kalata kuti mudikire.

Ndikupempha kuti mutibwezere chindapusa choyamba chija, mtengo wa tikiti ya mwana imene munadula pa dzina lolakwika, ndalama zimene tinalipira posunthanso matikiti athu, ndi za malo ogona ndi chakudya za masiku anayi aja. Malisiti ndawalemba manambala motsatana kuti musavutike. Za usiku wa pa simenti uja sindikupempha ndalama, sindikudziwa kuti ndingaziwerengere bwanji. Ndikufuna mundiyankhe m'kalata kuti zinatheka bwanji munthu kulandira chithunzi cha pasipoti, osachiyerekeza ndi tikiti, n'kulemba kuti zonse zili bwino. Ndipo nambala ya usiku ija muiyankhe kapena muifufute pa mapepala anu, chifukwa mabanja ena a m'gulu lathu amene akudikira kuitanidwa kukatenga ana akundifunsa kuti ife tinayenda ndi kampani iti, ndipo mpaka pano sindinawayankhe.

Ndidikira yankho lanu kwa masiku 14 kuchokera tsiku limene mulandire kalatayi. Akadutsa, mapepala omwewa ndikawatula ku bungwe loteteza ogula ndi ku banki imene tinalipirira.

Ine kasitomala wanu,
Mayi wa mwana amene munamulembera dzina lakale