Nyumba za kanema zikutichedwetsera nkhonya

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za kulimbirana nkhonya kwa nyumba za kanema. Nkhonya ya Floyd Mayweather ndi Manny Pacquiao tinayamba kuidikira mu 2009, koma inadzachitika pa 2 Meyi 2015 ku Las Vegas, m'dziko la America. China mwa zopinga chinali chakuti Pacquiao ankaonetsedwa pa kanema wa HBO, pomwe Mayweather anasamukira ku kanema wa Showtime mu 2013. Pomakumana n'kuti Mayweather ali ndi zaka 38, Pacquiao 36, liwiro litayamba kuchepa. Ife tinalawirira m'bandakucha, kunjenjemera ndi mphepo pabenchi m'kanyumba ka vidiyo, n'kungoonera maraundi 12 a kuzembana. Ku America anthu analipira pafupifupi madola 100 kuti aonere kunyumba.

HBO inasiya nkhonya mu 2018, Showtime mu 2023, koma nthendayi ikadalipo. Katswiri aliyense ali ndi kanema wake, ndipo wofuna kuwaona onse akulipira kawiri katatu.

Wokonda nkhonya,
Zomba