Madzi a m'thanki ya nsomba akachita mbuu, musathamangire kuwataya

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga amene ayamba kuweta nsomba zokongoletsa m'nyumba m'mathanki agalasi kuno kuchigwa cha Shire, chifukwa ambirife tikulakwitsa pa chinthu chimodzi, chomwe ineyo chinanditayitsa mbuna 6 (nsomba zokongola za m'nyanja ya Malawi) zimene ndinabwera nazo kuchokera ku Blantyre.

Patangotha masiku anayi chiziikireni m'thanki yatsopano, madzi anachita mbuu ngati otsukira mpunga. Ndinawataya onse, n'kukwecha galasi, miyala ndi siponji ya mu fyuluta (chosefera madzi) ndi sopo, kenako ndinathiramo madzi a pampopi. Mawa lake madzi anali mbee, koma pofika tsiku lachitatu mbuu uja anabwereranso, ndipo nsomba zinayamba kusonkhana pamwamba pa madzi kukamwa kuli yasa, mpaka zonse zinatha.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kuchita mbuu kwa mtundu umenewu kumadza ndi mabakiteriya ochuluka amene amaswana m'madzimo podya zotsala za chakudya ndi ndowe za nsomba, ndipo kawirikawiri kumatha kokha pakadutsa masiku angapo. Palinso mabakiteriya ena ofunika kwambiri amene sayandama m'madzi koma amakhala pa siponji ndi pamiyala. Ntchito yawo ndi kusandutsa amoniya, poizoni wochokera m'zinyansi za nsomba, kukhala nayitiraiti (poizoni winanso), kenako nayitireti yemwe savulaza msanga. Kuti mabakiteriya amenewa akhazikike m'thanki yatsopano pamatenga masabata 4 mpaka 6, ndiye ine ndi sopo wanga uja ndinkapha antchito omwe akanandiyeretsera madzi. Masiku ano madzi akachita mbuu ndimachepetsa chakudya, mwina kuzimana tsiku lathunthu, ndipo ndimachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi pa sabata. Siponji ndimaifinyira m'ndowa ya madzi omwe ndachotsa m'thankimo, osati pampopi.

Kwathu kuno kutentha kumakulitsa vutoli. Mu Okutobala ndi Novembala, ku Nchalo, Ngabu ndi Nsanje kutentha kumapyola madigiri 40, pamene mbuna zimakhala bwino m'madzi a madigiri pakati pa 24 ndi 28. Madzi ofunda sasunga mpweya wambiri, chakudya chotsala chimaola msanga, ndipo mabakiteriya a mbuu aja amalimbirana mpweya womwewo ndi nsomba. Magetsi akathima, pampu ya m'thanki n'kuima, ndimatunga madzi a m'thankimo ndi kapu n'kumawathira kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe, ndipo sindidyetsa nsomba mpaka magetsi atayaka.

Nkhani ya madzi othiramo ndiyo imafuna chidwi. Chichitikireni mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, mabanja ambiri tinazolowera kuthira klorini m'madzi akumwa, ndipo tisaleke, koma klorini yemweyo amapha nsomba pamodzi ndi mabakiteriya a mu fyuluta. Madzi a pampopi kapena othiridwa klorini azikhala m'chidebe chosavundikira kwa maola osachepera 24 asanalowe m'thanki. Mijigo yambiri ya m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere, choncho ndi bwino kuyamba mwalawa madziwo musanawapatse nsomba za m'madzi opanda mchere. A mumtsinje wa Shire, makamaka nyengo ya dzinja, amabwera ndi matope, ndipo mchenga wotapa m'mbali mwake woti muike m'thanki uyenera kutsukidwa kambirimbiri m'ndowa mpaka madzi otsukirawo atayera. Mukapanda kutero thanki imada tsiku lomwelo, ngakhale kuti matope otere amadikha okha.

Madzi akakhala obiriwira, imeneyo ndi ndere, ndipo kawirikawiri chifukwa chake ndi dzuwa lolowera pawindo. Chotsani thanki pamenepo, kapena iphimbeni ndi chitenje kwa masiku atatu.

Pempho langa likupita kwa ogulitsa nsombazi. Amene anandigulitsa ine sanandiuze kalikonse za kudikira, anangondimangira nsomba zonse m'jumbo limodzi n'kulandira ndalama. Muziwauza ogula kuti ayambe ndi nsomba ziwiri kapena zitatu, zina adzaonjezere pakatha mwezi, ndiponso kuti azizipatsa chakudya chokhacho chimene zingamalize m'mphindi ziwiri.

Wowerenga wanu,
Ku Nchalo, Chikwawa