Dandaulo pa ulendo wa ku mapiri a Sri Lanka umene munati ndi woyenera ana aang'ono

Kwa Oyang'anira Makasitomala,
Kampani yokonza maulendo

Bwana,

Ndine mmodzi mwa anthu amene kampani yanu inawakonzera ulendo wa masiku 9 wa ku mapiri a Sri Lanka m'mwezi wa Febuluwale. Tinapita anayi: ine, amuna anga, mwana wathu wamkazi wa zaka 5 ndi mlongo wake wa miyezi 20. Chibwerereni ndaimba foni ku ofesi kwanu kawiri, ndipo kawiri konseko andiuza kuti nkhani yanga aipereka kwa akuluakulu. Patha milungu itatu akuluakuluwo ali zii. N'chifukwa chake ndalemba kalatayi, kuti zimene zinatichitikira zikhale papepala.

Ndisanapereke ndalama iliyonse ndinakutumizirani imelo yotchula zaka za ana athu. Ndinapempha mipando iwiri ya ana ya m'galimoto, kabedi ka mwana m'hotela iliyonse, ndi malo okhala osungitsiratu m'sitima. Yankho lanu ndikadali nalo. Munati zonsezo zilipo, ulendowo ndi woyenera banja la ana aang'ono, ndipo munawonjezera mtengo chifukwa cha zinthu zitatuzo. Koma ulendo umene tinakaupeza unali wokonzedwera akuluakulu awiri amphamvu zawo. Palibe aliyense ku ofesi kwanu amene anakhala pansi n'kudzifunsa kuti kamwana kosakwana zaka ziwiri kakagona pati, kakakhala pati, kakavala chiyani.

Titatsika pa bwalo la ndege la Bandaranaike ku Katunayake tinapeza galimoto ikutidikira, koma mipando ya ana munalibe. A dalaivala anatiwonetsa pepala limene munawatumizira. Panalembedwa kuti anthu anayi, basi. Anayesetsa kuimba mafoni uku ndi uku mpaka anabwereka mpando umodzi ku Kandy tsiku lotsatira. Wachiwiri sunapezeke mpaka ulendo kutha. Mwina inu simunayendepo pa msewu wa A5 wochoka ku Peradeniya kudutsa ku Gampola, Pussellawa ndi Ramboda kukafika ku Nuwara Eliya. Kuchokera ku Kandy ndi makilomita osapitirira 80, koma pamatenga pafupifupi maola atatu chifukwa msewuwo ndi wokhotakhota, wokwera phiri, mbali ina kuli phompho, mabasi akutsika moyang'anizana nanu. Mwana wathu wamkulu anayenda msewu wonsewo lamba wa akuluakulu atamudutsa pakhosi, ine nditamugwira paphewa, mtima uli m'mwamba. Anasanza kawiri tisanafike ku mathithi a Ramboda. Kusanzako sindikukuimbani nako mlandu, ana amatero pamakona. Mlandu wanu ndi wa mpando umene ndinalipira koma sindinauwone.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi usiku woyamba ku Nuwara Eliya, ndipo ndikupemphani kuti gawo ili muliwerenge modekha.

Pepala lanu la zoyenera kunyamula linkati Sri Lanka ndi dziko lotentha, titenge zovala zopepuka, zipewa, mafuta oteteza khungu kudzuwa ndi mankhwala othamangitsa udzudzu. Za udzudzuzo munalondola, chifukwa ngakhale bungwe la WHO linalengeza mu 2016 kuti dzikolo lathana ndi malungo, matenda a dengue akadalipo. Koma za juzi kapena jekete munalibe liwu ngakhale limodzi. Ku Colombo n'zoona kumatentha, masana madigiri amafika 30. Nuwara Eliya ndi nkhani ina. Tawuniyo ili pamwamba mamita pafupifupi 1,870 kuchokera pa nyanja, m'munsi mwa phiri la Pidurutalagala, lomwe ndi lalitali kuposa onse m'dzikomo, la mamita 2,524. Munthu akakwera mamita 1,000 aliwonse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi imene usiku kumazizira kwambiri kumeneko, moti masiku ena m'mawa mame amaundana m'minda ya tiyi ndi ya masamba. Angerezi anaitcha Little England chifukwa cha nyengo yomweyo, ndipo nyumba zakale za m'tawunimo zili ndi malo osonkhapo moto m'kati. Aliyense wogulitsa maulendo a kumeneko ayenera kudziwa zimenezi. Ife sitinkadziwa, n'chifukwa chake tinabwera kwa inu. Bwenzi mutangotitsina khutu ndi chiganizo chimodzi, tikananyamula zofunda.

Tinafika kukuda, ana atavala makabudula ndi timalaya ta manja aafupi. Chipinda chimene munatisungira chinalibe hita. Chinali ndi bedi limodzi lalikulu ndi matilesi pansi, kabedi ka mwana kulibe, zenera limodzi losatsekeka bwino. Cha m'ma 1 koloko usiku wamng'onoyo anayamba kulira kulira kosatonthozeka. Nditamugwira zala zinali zozizira ngati wazitulutsa m'madzi, chibwano chikunjenjemera. Tinamuveka malaya awiri a bambo ake, m'manja tinamuveka masokosi anga, n'kumugoneka pakati pathu. Mlongo wake anadzipinda kumiyendo kwathu atafunda mathawulo a m'bafa. Mnyamata wa pa risepushoni, Mulungu amudalitse, anatibweretsera mabotolo amphira a madzi otentha ndi bulangete lake lomwe amafunda akakhala pa ntchito usiku. Ndi iye amene anandiwonetsa pa kompyuta zimene kampani yanu inasungitsa: chipinda chotsika mtengo kuposa zonse, popanda pempho la kabedi, popanda kutchula kuti pali khanda. Zipinda za hita zinalipo pa hotelayo, koma usiku umenewo zinali zitadzaza. Tulo sitinatiwone.

Kutacha tinayamba ndi kupita kumsika kukagula majekete, zipewa zaubweya ndi masokosi. Tsiku lachitatu wamng'onoyo anali ndi chifuwa ndi kutentha thupi, ndipo tinapita naye kwa dokotala m'tawuni momwemo. Sindikunena kuti kuzizira kokha ndiko kunamudwalitsa, ana amatenga chimfine paliponse. Koma mayi aliyense amene wagona akumvetsera mmene mwana wake akupumira, ali kutali ndi kwawo, amadziwa chimene ndikunena. Ndinatumiza uthenga pa nambala yanu ya WhatsApp imene munati imayankhidwa usana ndi usiku. Munayankha patapita masiku awiri, ndipo yankho lake linali lakuti tisangalale ndi ulendo.

Za ku Horton Plains, malo otetezedwa a zachilengedwe a pamwamba pa mapiri, ndiye zinandiwonetsa kuti wolemba pulogalamu yathu sanapondeko phazi. Munalemba kuti ndi kuyenda pang'ono kosavuta, titha kutenga chikuku cha mwana, ndipo tinyamuke 9 koloko tikadya kadzutsa. Zoona zake n'zakuti njira yozungulira yopita ku World's End ndi ku mathithi a Baker's ndi ya makilomita pafupifupi 9, pamalo okwera kuposa mamita 2,000, ndipo mbali zina ndi miyala, mizu ndi zitunda. Chikuku sichingadutse. Pa World's End penipenipo ndi phompho lakuya mamita oposa 800, malo oti mwana wothamangathamanga sungamutaye dzanja ngakhale kamphindi. Komanso anthu amanyamuka ku Nuwara Eliya mbandakucha, cha m'ma 5 koloko, chifukwa ikamakwana 10 koloko chifunga chimakwera kuchokera m'chigwa n'kuphimba zonse. A dalaivala anatichenjeza madzulo ake, koma mwana anali asanapeze bwino ndipo galimoto munaisungitsa kuyambira 9 koloko. Tinafika pa geti 10 koloko itapitirira, tinalipira ndalama yolowera, chikuku n'kuchisiya m'galimoto. Titayenda makilomita awiri, bambo ake atabereka wamng'ono, wamkulu akulira kuti miyendo yatopa, tinakumana ndi anthu akubwerera akunena kuti kutsogoloko kwayera kale ndi chifunga. Tinabwerera pomwepo.

Kenako sitima. Ulendo wa pa sitima wochoka ku Nanu Oya, siteshoni ya pafupi ndi Nuwara Eliya, kupita ku Ella ndi umene unatikopa pa kabuku kanu, ndipo mwana wathu wamkulu anakhala miyezi itatu akuuza aliyense kuti akakwera sitima yabuluu. Malo osungitsiratu m'sitima zimenezo amayamba kugulitsidwa kutatsala masiku 30 ndipo amatha msanga, makamaka nyengo ya alendo ambiri. Ife tinakulipirani kutatsala miyezi itatu. Munali ndi nthawi yokwanira. Koma m'mawa wa tsikulo a dalaivala anatiuza, maso ali pansi, kuti matikiti sanabwere, ndipo anakatigulira pa siteshoni matikiti wamba opanda nambala ya mpando.

Tinalowa m'bogi yodzaza thothotho, tinaima pafupi ndi khomo. Zitseko za sitima zimenezi zimayenda zili zotsegula, ndipo alendo ena amalendewera panja kuti ajambulitse zithunzi. Taganizani, bwana, kuima pamenepo pafupifupi maola atatu, dzanja limodzi litanyamula mwana wofuna kutsika kuti ayende, lina litagwira chitsulo, sitima ikulowa ndi kutuluka m'ngalande zamdima za m'phiri. Titadutsa Ambewela, gogo wina wa konko anaitana mwana wathu wamkazi ndi dzanja, anamukhazika pamiyendo pake pafupi ndi zenera n'kumugawira mtedza. Sitinkamvana chilankhulo, koma anamusunga choncho kudutsa pa Pattipola, siteshoni yokwera kuposa zonse m'dzikomo, mpaka pamene iye anatsikira ku Haputale. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Gogo amene sitinamulipire kanthu anachita zimene inu, amene tinakulipirani, munalephera. Minda ya tiyi ya ku Idalgashinna imene anthu amaitama ine ndinangoiwonera pansi pa mkono wa munthu wina.

Ndisakhale ngati wosayamika. A dalaivala anali munthu waulemu ndi wosamala, ndipo ndikupempha kuti vuto lililonse lisagwere iwo, chifukwa ankangotsatira pepala lanu. Masiku awiri a ku Ella anali abwino. Kumeneko n'kotsika, kuzizira n'kochepa, mwana anali atachira, ndipo tinakaima pa mlatho wa Nine Arches kudikira sitima, ana akukuwa ndi chimwemwe itatulukira m'nkhalango. Dzikolo ndi lokongola ndipo anthu ake anatikomera mtima. Dandaulo langa ndi la kampani yanu yokha, imene inatigwiritsa fuwa lamoto.

Tsono zimene ndikufuna ndi izi. Mundibwezere ndalama yonse imene munawonjezera ya mipando ya ana, kabedi ndi malo a m'sitima, popeza palibe chimene tinalandira kupatula mpando umodzi umene a dalaivala anabwereka okha. Mundibwezerenso ndalama ya tsiku la ku Horton Plains pamodzi ndi yolowera pa geti, ya zovala zimene tinagula mokakamizika, ndi ya dokotala. Malisiti onse, ena a ndalama za rupee, ndawaphatikiza ku kalatayi limodzi ndi imelo yanu yolonjeza ija ndi chithunzi cha zimene munasungitsa ku hotela. Chonde musanditumizire kapepala kochotsera mtengo wa ulendo wina. Ndikufuna ndalama yanga, ibwerere njira imene inadzera.

Chinanso, ndipo ichi ndachiika pamtima kuposa ndalamazo: konzani pepala lanu la zonyamula ndi pulogalamu ya ulendowu banja lina lisananyamuke. Lembanimo kuti ku Nuwara Eliya kumazizira usiku, kuti njira ya ku World's End si ya chikuku, ndipo ngati malo a m'sitima simunawapeze, muziwauza makolo akadali kwawo kuti asankhe okha chochita. Ndawona dzulo kuti ulendo womwewu mukuutsatsabe ndi chithunzi cha khanda likumwetulira pa zenera la sitima.

Ndikuyembekezera yankho lolemba, losainidwa ndi munthu amene ali ndi mphamvu yobweza ndalama, pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku limene mulandire kalatayi. Masikuwo akadutsa, ndikatula nkhaniyi ku banki imene ndinalipirira ndi ku bungwe loteteza ogula, ndi mapepala omwewa.

Ine kasitomala wanu wodandaula,
Mayi wa ana awiri