Msonkhano wa ankhoswe ndi anankungwi wokambirana za mabanja

Ankhoswe ndi anankungwi nonse a m'gulu lathu,

Mukuitanidwa ku msonkhano umene udzachitike Loweruka likudzali kuyambira 9 koloko m'mawa pabwalo la a gulupu, ndipo kukadzagwa mvula tidzakhala m'kalasi ya pasukulu ya pulayimale.

Nkhani yaikulu ndi ya unkhoswe, umene ukupepuka masiku ano. Achinyamata ambiri akungolowana popanda amalume awo kudziwa, ndipo akayambana amathamangira kukaulula za m'nyumba pa Facebook ndi WhatsApp m'malo mokagogoda kwa ankhoswe. Amuna ena anapita ku Johannesburg kukafuna ntchito, n'kusiya akazi ndi ana opanda wowayang'anira. Zimenezi zikutiwawa, chifukwa ukwati ndi wa mabanja awiri, ndipo ukagwedezeka amavutika ndi ana.

Tidzakambirananso za malangizo a kuchinamwali, pokumbukira kuti lamulo la maukwati la 2015, komanso malamulo aakulu a dziko la Malawi monga anakonzedwera mu 2017, salola munthu wosakwana zaka 18 kulowa m'banja. Mwambo wathu uyenera kulanga mwana ulemu ndi khalidwe popanda kumuchotsa pasukulu. Pomaliza tidzaona za adzukulu athu a m'tauni amene sakutha ngakhale kupereka moni m'chinenero cha makolo awo.

Aliyense adzabweretse K2,000 ya ndiwo, mbale imodzi ya ufa, kope ndi cholembera. Amayi musadzaiwale mikeka.

Muuzeni mlembi pofika Lachinayi madzulo ngati mudzabwere kapena ayi, kuti ophika adziwe chiwerengero cha anthu.

Wapampando